Kuponya Nyambo Yolemera Popanda Chingwe Kukolana

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya zausodzi. Lero nyanja tiisiya kaye, tikwere kumapiri ndi kutsikira kumitsinje, tikakambe za kawedzedwe kamene ambiri a ife timangokaonera patali: kuwedza ndi nyambo yomangidwa ndi nthenga, ubweya ndi ulusi, imene eni ntchitoyi amaitcha fly.

Kuno kwathu kawedzedwe aka mukakapeza pamwamba pa phiri la Zomba, kumadamu a ku Chelinda ku Nyika, ndi m'timitsinje tozizira ta paphiri la Mulanje, kumene kuli nsomba yotchedwa trout imene inabwera m'nthawi ya atsamunda. Ku Zimbabwe kuli ku Nyanga. Abale athu okhala ku South Africa amaona anthu ataima m'madzi a mtsinje wa Vaal akuwedza yellowfish mwa njira yomweyi. Ndipo mu Zambezi ndi ku Shire wa kumunsi, kuyambira pa mathithi a Kapichira kutsika, muli mcheni, nsomba ya mano aatali ija, imene alendo amaithirira ndalama zambiri kuti adzaiwedze. Choncho achinyamata amene mumaperekeza alendo m'malo amenewa, tcherani khutu, chifukwa luso limeneli ndi chakudya. Mlendo amene wathera m'mawa wonse akumasula chingwe sabweranso chaka chamawa.

Vuto limene tikambe ndi limodzi. Munthu waphunzira kuponya nyambo yopepuka yoyandama, ndipo chingwe chikumumvera bwinobwino. Tsiku lina amangako nyambo yolemera kuti ifike pansi pa madzi, awonjezerapo kanyambo kachiwiri, kamtovu, ndi kachoyandama komuuza kuti nsomba yadya. Kuponya kawiri katatu, zonse zapiringizana. Chavuta n'chiyani? Dzanja ndi lomwe lija, ndodo ndi yomwe ija.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimauluka tikamaponya. Pa kawedzedwe kathu ka masiku onse, kumapeto kwa chingwe kumakhala nyambo ndi chomiza, ndipo chomizacho ndicho chimakoka chingwe popita. Pa kawedzedwe ka fly zinthu zimatembenuka. Nyamboyo siilemera kanthu, cholemera ndi chingwe chenichenicho, chimene n'chokhuthala, chokutidwa ndi pulasitiki. Kuyambira mu 1961 opanga zingwezi ku America anagwirizana zozipatsa manambala potengera kulemera kwa mafiti 30 oyambirira, amene ndi mamita 9 ndi pang'ono. Chingwe cha nambala 5, chimene ambiri amawedzera trout, chimalemera pafupifupi magalamu 9 pa utali umenewo. Cha nambala 8, choyenera mcheni, chimapitirira magalamu 13. Woponya amakankhira chingwechi kumbuyo ndi kutsogolo, ndipo mumlengalenga chimapindika n'kuoneka ngati chilembo cha U chogona chammbali, mbali ina pamwamba, ina pansi. U ameneyu amayenda akufunyululuka mpaka chingwe chonse chitawongoka. Kumapeto kwake kumakhala nailoni yoonekera, yaitali pafupifupi mamita atatu, yoyamba yokhuthala n'kumka ikuwonda, imene amaitcha leader, ndipo kansonga kake kowonda kwambiri ndi tippet. Nyambo yopepuka imangotsatira pambuyo mosakana.

Nanga ngati yopepuka imamvera chotere, tiikiranji zolemera? Chifukwa nsomba nthawi zambiri sizidyera pamwamba. Inu a kunyanja mumazidziwa nkhungu, zimene zimafuka pamadzi kuoneka patali. Zisanauluke, moyo wawo wonse zimakhala mphutsi m'madzi akuya. N'chimodzimodzi ndi tombolombo ndi tizilombo tina tambiri ta mumtsinje: timakhala miyezi pansi pa miyala, n'kudzauluka kwa nthawi yochepa. Ana a tizilombo amenewa ndiwo chakudya cha nsomba cha tsiku ndi tsiku, ndipo nyambo yowatsanzira imatchedwa nymph. Ku England, G.E.M. Skues, amene ankawedza mumtsinje wa Itchen, analimbikira zowedza pansi pa madzi m'buku lake la mu 1910, pamene anzake ambiri ankati msodzi waulemu amawedza ndi nyambo yoyandama basi. Pambuyo pake Frank Sawyer, amene ankasamalira mtsinje wa Avon, anamanga nyambo yake yotchuka ya Pheasant Tail ndi waya wowonda wa kopa m'malo mwa ulusi, kuti izimira yokha. Lero amaika kamkanda kachitsulo kumutu kwa mbedza. Kachidutswa ka mkuwa kotalika sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 8 ndi theka, ka mtovu magalamu 11, koma ka tungsten magalamu 19. N'chifukwa chake kamkanda ka tungsten, ngakhale kachepe, kamamira msanga. Ena amapana timipira ta mtovu pa leader. Kamodzi ka saizi ya BB kamalemera magalamu 0.4. Zikumveka zochepa, koma kwa chingwe chimene chinazolowera kunyamula nthenga, umenewu ndi katundu.

(KANYIMBO KOLEKANITSA)

MUULUTSI: Tsono taonani chimene katunduyu amachita mumlengalenga. Chingwe chikawongoka kumbuyo, nyambo yopepuka imaima chifukwa mphepo yaigwira. Yolemera siima. Imafika kumapeto ili ndi liwiro lake lonse, imagutula nsonga ya ndodo, kenako imanjanjira m'mbuyo. Ikanjanja, chingwe chimakhwefuka, ndipo m'kamphindi kameneko woponya sakulamuliranso kanthu. Komanso cholemera chimagwa msanga kuposa chingwe, motero mbali ya pamwamba ya U ija, imene yanyamula nyambo, imatsikira pa mbali ya pansi. Ngati mbali ziwirizi zinali zoyandikana, zimagundana. Onjezeranipo kuti kachoyandama kamachedwa chifukwa kamakana mphepo, kamtovu kamathamanga, nyambo yachiwiri ikulendewera pambali. Zinthu zinayi pa chingwe chimodzi, chilichonse ndi liwiro lake. Chingwe chikangokhwefuka, zimapitana n'kuzengana.

Pali chinanso chochokera m'dzanja. Ndodo ikasenza katundu wolemera imapindika kwambiri. Woponya akaikankha modzidzimutsa poyamba penipeni, kapena akaiyendetsa mtunda waufupi, nsonga yake imagwa pakati pa ulendo n'kudzukanso. Chingwe chimatsatira kulikonse kumene nsonga yapita, choncho nachonso chimadzidutsa chokha, ndipo pa leader pamatsala timfundo. Asodzi ambiri amati timfundo timeneti yamanga ndi mphepo. Mphepo imanamiziridwa. Mukaponya tsiku lopanda ngakhale kamphepo koma dzanja likukwapula, timfundoto mutipeza ndithu.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga poyera. Aphunzitsi ambiri amayamikira U wothina, woonda, wothamanga, ndipo ophunzira amayesa kuti ndiye muyeso wa katswiri paliponse. Kwa nyambo yoyandama tsiku lamphepo, n'zoona. Kwa nyambo yolemera, U wothina ndiye gwero la mavuto, ndipo wophunzitsa amene sasiyanitsa ziwirizi akumulakwira wophunzira wake.

Amene munakulira kumunda wa mpunga kapena wa mapira mukuingitsa mbalame ndi gulaye, nkhaniyi muimva msanga. Mwala uli mu gulaye sugwa malinga mukuuzunguza ndipo zingwe zili zokungika. Mumaumva m'dzanja nthawi yonse. Simuimitsa pakati n'kuubweza mwadzidzidzi, chifukwa mukatero ukugwerani pamutu. Nyambo yolemera imafuna dzanja lotero: chingwe chikhale chokungika kuyambira pamene mwachinyamula pamadzi mpaka pamene mwachitula, ndipo potembenuka chitembenuke mokhota, osati mothyoka. Njira zonse zimene ndifotokoze zikuchokera pamenepa.

Njira yoyamba, imene ndikanakonda wophunzira aliyense ayambire, ndi yogwiritsa ntchito madzi enieniwo. Siifuna kuponyera kumbuyo mumlengalenga n'komwe. Tiyerekeze mwaima mumtsinje, madzi akuchokera kumanzere kupita kumanja. Mwaponya kumtunda, nyambo zatsika ndi madzi, zakudutsani, zapita kumunsi. Musazinyamule msanga. Zisiyeni mpaka madzi atawongola chingwe chonse kumunsi kwanu, mumve chikukoka. Tsopano tembenukani muyang'ane kumene mukufuna ziwe, ndipo kwezani ndodo pang'onopang'ono. Kachoyandama kanyamuke pamadzi, kamtovu kaonekere, nyambo zifike pafupi ndi pamwamba. Gawo ili ndilo ambiri amalidumpha. Nyambo ikadali pansi pa madzi akuya, simungaizule ndi mphamvu. Mukayesa, ndodo imapindika mopitirira, kenako zonse zimavumbuluka nthawi imodzi kulunjika kunkhope kwanu. Zikafika pamwamba, musaime. Pitirizani ulendo womwewo, kuyamba mwakachetechete, liwiro likumka likukwera, mudutse pamwamba pa mutu, n'kuimitsa ndodo nsonga ikadali m'mwamba. Madzi ndi amene apinda ndodoyo pogwira chingwe, ndipo zonse zimauluka zitandandalikana, n'kukagwa kumtunda.

Chofunika kukumbukira pa njira imeneyi n'chakuti chingwe chimafuna kupita mbali yoyang'anizana ndi kumene chagona. Ngati chagona kumunsi kwenikweni, chipita kumtunda kwenikweni. Mukachikakamiza kuti chikhotere pakati pa mtsinje pamene chagona m'mbali mwa gombe lanu, chidzadzipingasa. Mukafuna kuponya chopingasa, yambani mwasuntha nsonga ya ndodo kuti chingwe chigone moyang'anizana ndi kumene mukuloza, kenako muponye. Pa damu, monga a ku Chelinda aja, madzi sayenda, ndiye palibe chokuwongolerani chingwe. Pamenepo kokani chingwe ndi dzanja mpaka chitafupika, chigubuduzeni kutsogolo kamodzi kuti nyambo zikwere pamwamba, ndipo zisanamirenso zinyamuleni.

Anthu ena amanyoza kaponyedwe kameneka ati n'kongovungumula. Asiyeni anene. M'zaka za m'ma 1980 asodzi a ku Poland ankagwira nsomba zambiri pa mipikisano ndi nyambo zolemera pa chingwe chachifupi, akungoziponya pafupi ndi mapazi awo. Anzawo a ku Czechoslovakia anatengera njirayo n'kuikonza, ndipo mu 1986 Slavoj Svoboda anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse ku Belgium. Ndi njira yomweyo imene inafala pa Vaal. Mumtsinje wothamanga nsomba sikuonani msanga, ndipo mamita 6 mpaka 10 amakwanira. Chingwe chikafupika, mwayi woti chikolane umachepanso.

(KANYIMBO KOLEKANITSA)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kaponyedwe ka nyambo zolemera pa kawedzedwe ka fly. Tafotokoza njira yodalira madzi. Nanga nsomba ikakhala patali, kapena mukaima m'bwato pa Zambezi ndi nyambo yaikulu ya mcheni?

Nyambo imene ambiri amawedzera mcheni ndi Clouser Minnow, imene Bob Clouser anaipanga mu 1987 kuti aziwedzera nsomba yotchedwa bass mumtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania. Ili ndi maso awiri achitsulo omangidwa pamsana pa mbedza, amene amaimiza ndi kuitembenuza kuti nsonga ya mbedza iziyang'ana kumwamba. Pa mcheni mumaonjezeranso kawaya kakafupi kutsogolo kwa nyambo, chifukwa nailoni amaidula ndi mano. Katundu ameneyu ndi wolemera ndithu, ndipo pamafunika njira yachiwiri, yozunguza, imene imadziwika ndi dzina lakuti Belgian cast. Dzinali linabwera chifukwa cha katswiri wa ku Belgium, Albert Godart, ngakhale kuti Hans Gebetsroither, wosamalira mtsinje wa Traun ku Austria, ankaponya mozunguza chotere m'zaka za m'ma 1930.

Mvetserani bwino, ndipo ngati muli pamalo abwino tengani kamtengo muyeserere pamene ndikulankhula. Nsonga ya ndodo iyambire pansi, pafupi ndi madzi, chingwe chili chowongoka kutsogolo. Popita kumbuyo, ndodo muipendeketse kumbali, kutali ndi thupi, ngati mukufuna chingwe chidutse m'munsi motsata madzi. Kokani mosadukiza. Dzanja likafika kumbuyo, apa ndiye pali kusiyana: simuima. Mumakhotetsa nsonga kukwera m'mwamba, ndodo n'kuimirira, ndipo mumabwerera kutsogolo chingwe chikudutsa pamwamba pa phewa. Nsonga ya ndodo yajambula mzere wozungulira motalika, kupita m'munsi chammbali, kubwera pamwamba. Phindu lake ndi lapawiri. Njira yopitira ndi njira yobwerera n'zosiyana, choncho nyambo siingakumane ndi chingwe. Ndipo popeza dzanja silinaime, nyambo ilibe mpata wogutula ndi kunjanja; imazungulira ikukoka.

Chovuta ndi liwiro la potembenukira. Mukafulumira kubwera kutsogolo chingwe chisanapite kumbuyo mokwanira, mumva kulira kwa mkwapulo, ndipo nthawi zina nyambo imaduka n'kutsala kuthengo. Mukachedwa, cholemera chimagwa n'kugunda madzi kapena miyala ya kumbuyo, mbedza n'kubuntha kapena kuthyoka inu osadziwa. Muyeso wake suli m'maso, uli m'dzanja. Malinga mukumva kukoka, muli bwino. Mukamva dzanja lapepuka mwadzidzidzi, chingwe chakhwefuka penapake. Chingwe chikatalika, kuzunguzako kukule ndipo kuchedwe, chikafupika, kuchepe.

Pobwera kutsogolo, lolani U atakasuke. Izi zimatheka poyendetsa ndodo mtunda wokulirapo kuposa mmene mumachitira ndi nyambo yopepuka, nsonga iziyenda mokhota pang'ono ngati ikukwera kachitunda n'kutsika, osati mowongoka kwenikweni. Mbali ziwiri za chingwe zitalikirane mita imodzi kapena kupitirira. Lozani pamwamba pang'ono pa malo amene mukufuna, chifukwa cholemera chidzatsika chokha. Ndipo chepetsani kuponya kwa mumlengalenga kopanda kutula. Ndi nyambo yoyandama anthu amapita kumbuyo ndi kutsogolo kangapo kuti aiumitse ndi kuyeza mtunda. Nymph siifuna kuumitsa. Ulendo uliwonse woonjezera ndi mpata wina woti zikolane. Kumbuyo kamodzi, kutsogolo kamodzi, n'kumasula chingwe chimene munagwira m'dzanja lina kuti chitsetsereke; cholemera chija chidzachikoka chokha.

Kugutula kuja, kumene tanena kuti kumasokoneza, akatswiri ena anakusandutsa chida. George Harvey ndi wophunzira wake Joe Humphreys, amene ankaphunzitsa kawedzedwe aka pa yunivesite ya Penn State ku America, anatchukitsa kaponyedwe kotchedwa tuck cast. Pa chingwe chachifupi, poponyera kumtunda, mumaimitsa ndodo mwamphamvu nsonga ili m'mwamba. Nyambo imafika kumapeto, imagutula, n'kupindikira pansi pa chingwe, ndipo imalowa m'madzi iyo poyamba, chubwi, leader ikutsatira mokhwefuka. Popeza palibe chikuikoka, imamira msanga n'kufika pansi isanayende mtunda. M'madzi othamanga a pakati pa miyala, monga mmene ilili mitsinje ya m'mapiri athu, imeneyi ndi njira yabwino kwambiri. Koma muiphunzire pambuyo, dzanja litazolowera kale ziwiri zoyambazo, ndipo muyambe ndi nyambo imodzi.

(KANYIMBO KOLEKANITSA)

MUULUTSI: Kukolana kwina kumayambira pagombe, pomanga, munthu asanaponye n'komwe. Yambani ndi kuwongola leader. Ikakhalitsa yokulungidwa imatuluka yopotanapotana, ndipo leader yotere yakhwefuka kale. Ikokeni pakati pa zala mpaka ifunde, muigwire yokungika kwa kanthawi, idzagona yowongoka. Tippet igwirizane ndi kukula kwa nyambo. Asodzi ali ndi kawerengedwe kophweka: gawani saizi ya mbedza ndi 3. Mbedza ya saizi 12 imafuna tippet ya 4X, imene kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.18. Nyambo yaikulu pa tippet yowonda kwambiri imazungulira mumlengalenga n'kuipota.

Mukamanga nyambo ziwiri, yolemera kwambiri ikhale kumapeto kwenikweni. Ikatsogola, imakoka zonse za pambuyo pake n'kuziika mumzere umodzi. Ikakhala pakati, yopepuka ya kumapeto imapukusika mouzungulira. Alipo asodzi odziwa amene amaika yolemera pakati ndipo ali ndi zifukwa zawo za mmene nyambo zimayendera pansi pa madzi, koma wophunzira asayambire kumeneko. Nyambo ziwirizi zitalikirane masentimita 50 kapena kuposerapo, umenenso ndi muyeso wa pa mipikisano ya dziko lonse. Kanthambi ka nailoni kolendewerapo nyambo ya pamwamba kakhale kakafupi, masentimita 10 mpaka 15, ndiponso kolimbirapo, kuti kaziima patali ndi chingwe chachikulu. Kakatalika kamazenga chingwecho. Njira ina, imene inatchukira ku New Zealand, ndi yomanga nailoni ya nyambo yachiwiri pa khota la mbedza yoyamba, zonse zikhale mumzere umodzi popanda kanthambi. Imeneyi siikolana kawirikawiri, ndipo ndi imene ndingapatse mlendo amene sanazolowere.

Za nyambo zitatu, ndinene mosabisa: kwa munthu amene akuphunzira, yachitatuyo imadya nthawi yambiri kuposa nsomba zimene imabweretsa.

Ngati n'kotheka, kulemera kukhale m'nyambo momwemo, osati pa timitovu topana pa leader, chifukwa chilichonse chowonjezera pa chingwe ndi malo ena opindikira. Mukafunika kamtovu, kamodzi kokulirapo kaposa tiwiri titatu tomwazikana. Kaikeni masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa nyambo, pamwamba pa mfundo kuti kasatsetsereke. Ndipo pamene mungapeze topangidwa ndi chitsulo china, tengani timeneto. Ku England ndi ku Wales analetsa timitovu tambiri towedzera mu 1987, ataona kuti mbalame zazikulu za m'madzi zotchedwa swan zinkatimeza pamodzi ndi timiyala n'kumafa. Abakha a m'madamu athu amadya mofananamo. Kachoyandama nako kakhale kakang'ono kokwanira kunyamula nyambo zanu basi. Kaubweya kamaponyeka mofewa kuposa kampira kakakulu ka pulasitiki.

Tsopano za chitetezo, ndipo apa ndikupemphani kwambiri. Musaponye nyambo yolemera musanavale magalasi ndi chipewa, ngakhale kuli mitambo, ngakhale kukuda. Amene mwaima naye pafupi avalenso. Kamkanda ka tungsten kouluka kakhoza kuphulitsa diso, ndipo chipatala chili kutali ndi Chelinda. Panani kandevu ka mbedza ndi pulayala musanayambe. Ikakulowani pakhungu imatuluka mosavuta, ndipo nsomba imene mukuibwezera m'madzi siivulala kwambiri. Yang'anani kumene mphepo ikuchokera. Ngati mumaponya ndi dzanja lamanja ndipo mphepo ikuomba kuchokera kumanja, ikukankhira mbedza pathupi panu. Pendeketsani ndodo kuti nsonga idutse pamwamba pa phewa lamanzere, kapena fulatirani kumene mukuloza n'kutula chingwe poponyera kumbuyo. M'bwato, woperekeza akhale mbali imene chingwe sichidutsa. Ndodo nayo imavulala: kamkanda kakaigunda kamasiya kabala kosaoneka, ndipo imadzathyoka tsiku lina nsomba ili pa mbedza. Ku Shire ndi ku Zambezi musalowe m'madzi kapena kuima m'mphepete penipeni maso ali pa mfundo, chifukwa ng'ona ziliko. Ndipo ku Zomba, ku Nyika ndi ku Mulanje, amenewa ndi malo otetezedwa. Funsani kaye kwa oyang'anira za chilolezo, nyengo yowedza ndi nyambo zololedwa.

Ngakhale mutasamala chotani, tsiku lina zidzakolana. Mukangoona kapena kumva kuti chinachake chalakwika, imani pomwepo. Musaponyenso kuti mwina zimasuka zokha, ndipo musagwedeze ndodo. Kukolana kwa kamodzi kumasanduka mfundo khumi chifukwa cha kugwedeza. Kokerani leader kwa inu mofatsa, ikhale yokhwefuka, muone chazenga chinzake ndi chiti. Musakoke nsonga ziwiri. Ngati sizikumasuka msanga, dulani nyambo ya kumapeto. Nailoni yopanda mbedza imasololoka yokha m'mapindo onse, ndipo kumanganso nyambo imodzi sikutenga nthawi. Zikapitirira mphindi ziwiri, dulani zonse mumange zatsopano. Woperekeza alendo wanzeru amamangiratu zingapo usiku, n'kuzikulunga pa chidutswa cha patapata yakutha, mbedza zitabayidwa momwemo. Nailoni yodulayo muike m'thumba, musaitaye pagombe, imakola mbalame miyendo. Ndipo mukaponya kangapo, muziyendetsa zala pa leader. Kamfundo kakang'ono kakadali kosalimba kamamasuka ndi nsonga ya mbedza, koma kakalimba kamafooketsa nailoni kwambiri, ndipo idzadukira pamenepo nsomba yaikulu ikadya.

Zonsezi musakaziphunzirire pamtsinje, kumene mtima umakhala pa nsomba. Pitani pabwalo la mpira madzulo anthu atachoka. Tengani nyambo yakale yolemera, mudule mbedza yake pa khota ndi pulayala, muvale magalasi anu. Ikani beseni pamtunda wa mamita 8. Yambani ndi kugoneka chingwe pa udzu kumbuyo kwanu chili chowongoka, n'kuchiponyera ku beseni ulendo umodzi. Udzu udzachigwira monga mmene madzi amachitira. Zikayamba kulowa, yesani kozunguza kuja, pang'onopang'ono, mozunguliza kangapo osatula, mpaka muzimva kukoka kosadukiza. Kenako tsinzinani, muzunguze muli chitsinzinire, mnzanu ataima patali akuuzeni pamene nyambo yagunda pansi. Mukatha kutero osamva kugutula m'dzanja, onjezerani nyambo yachiwiri, ndipo pambuyo pake kachoyandama. Beseni mulisunthire patali pokhapokha zonse zitatu zikugwa zitandandalikana.

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera.

(NYIMBO YOTSEKERA)